Thandizo pa Masamu a Grade 10: equation ya mzere woongoka kuchokera pa mapointi awiri

Nambewe_Rosettenville

Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha odziwa Masamu andithandize. Mtsikana wanga ali Grade 10 pasukulu ina kuno ku Joni, ndipo teremu ino ali pa analytical geometry. Funso la homuweki likuti apeze equation ya mzere woongoka umene ukudutsa pa A(−2, 7) ndi B(4, −5). Iye walemba chonchi:

m = (−5 − 7) ÷ (4 − 2) = −12 ÷ 2 = −6
7 = −6(−2) + c, ndiye c = −5
y = −6x − 5

Kumapeto kwa buku kwalembedwa y = −2x + 3. Mwana akulimbikira kuti bukulo ndi limene lalakwitsa, poti −5 amene wamupezayo ndi yemwe ali pa B, ndipo akaika A mu equation yakeyo zikugwirizana. Walakwitsa ndani pamenepa?

Palinso funso lina la (3; 1) ndi (3; 8), pamene kakyuleta ikungolemba Math ERROR. Komanso n'chifukwa chiyani kuno pakati pa manambala a pointi amaikapo semicolon? Kumudzi pa MSCE amalemba (3, 1).

Chonde musangondipatsa yankho, ndikufuna njira yake kuti pamayeso akathe yekha.

Aphiri_Masamu

Anambewe, buku silinalakwitse. Koma musamukalipire mwanayo, njira akuidziwa. Wapunthwa pamalo amodzi okha, ndipo ndi pamene ana ambiri amapunthwirapo.

Tiyambe ndi gradient, imene timailemba m. Ntchito yake ndi kutiuza kuti x akakwera ndi 1, y asintha ndi zingati. Fomula yake ndi iyi:

m = (y₂ − y₁) ÷ (x₂ − x₁)

Asanawerengetse chilichonse, ayambe walemba pambali kuti x₁ = −2, y₁ = 7, x₂ = 4, y₂ = −5. Poika manambala mu fomula, nambala iliyonse ya mainasi ilowe ndi mabulaketi ake:

m = ((−5) − 7) ÷ (4 − (−2)) = −12 ÷ 6 = −2

Onani pansipo. Pali mainasi awiri: wina ndi wa fomula, wina ndi wa −2 mwiniwake. Mwana anaona awiri n'kulemba mmodzi, ndiye 4 − (−2) anasanduka 4 − 2. Kuti aone ndi maso ake, ajambule mzere wa manambala n'kuwerenga masitepe kuchoka pa −2 kukafika pa 4. Awiri kukafika pa ziro, anayi kupitirira apo, onse pamodzi 6. Si 2 ayi.

Tikapeza m timafuna c. Tengani pointi imodzi, iliyonse mwa ziwirizi, muike mu y = mx + c. Tikatenga A:

7 = −2(−2) + c
7 = 4 + c
c = 3

Ndiye y = −2x + 3, monga mwa buku.

Tsopano nkhani imene ndikufuna mwana aigwiritsitse kuposa fomula ndi iyi. Iye akuti akaika A mu y = −6x − 5 zikugwirizana. N'zoona, −6(−2) − 5 = 7. Koma sizikanalephera kugwirizana, chifukwa c wakeyo anamupeza kuchokera pa A yemweyo. Ngakhale m akanakhala 100, mukapeza c pogwiritsa ntchito A, mzerewo udutsa pa A basi. Pointi imene mwapezera c singakuululireni cholakwa. Yoyesera ndi inayo imene simunaikhudze. Aike x = 4 mu equation yake: −6(4) − 5 = −29, pamene B akuti −5. Pompo akanadziwa kuti china chake chavuta. Aikenso mu ya buku: −2(4) + 3 = −5. Zatheka. Zimenezi sizitenga ngakhale theka la mphindi, koma ana ambiri amadumpha.

Za −5 amene akumudalirayo, zangochitika mwangozi kuti afanane ndi y wa B, ndipo kufananako ndi chizindikiro choti pali vuto, osati choti wakhoza. Paja c ndi y pamene x ali ziro, pamene mzere ukudula y-axis. B ali pa x = 4. Mzere umene ukutsika sungakhale pa −5 pa x = 0 n'kukhalanso pa −5 pa x = 4. Kajambulidwe kachangu pakona ya pepala kangamuonetse zimenezi: A ali kumtunda chakumanzere, B ali kumunsi chakumanja, ndiye m ayenera kukhala wa mainasi ndipo c ayenera kugwera pakati pa −5 ndi 7.

Pali zolakwitsa zina ziwiri zimene zimayendera limodzi ndi chimenechi. China ndi kusakaniza ndondomeko. Mukhoza kuyamba ndi A kapena B, palibe vuto: (7 − (−5)) ÷ (−2 − 4) = 12 ÷ −6 = −2, yankho lomwelo. Koma pamwamba mukayamba ndi B, pansinso yambani ndi B. Mukasakaniza mupeza +2, mzere wokwera m'malo mwa wotsika. Chinacho ndi kugadabuza fomula, ma x pamwamba ma y pansi, ndiye mumapeza −½. Zonse ziwirizi zimagwidwa ndi kuyesa komwe kuja kwa pointi yachiwiri.

Za semicolon yankho lake n'lalifupi. Kuno masukulu amalemba desimo ndi koma, 3,5 m'malo mwa 3.5. Akanalemba pointi ngati (3,5,2) palibe akanadziwa ngati ndi 3,5 ndi 2 kapena 3 ndi 5,2. N'chifukwa chake amalemba (3,5; 2). Masamu ake ndi omwewo a coordinate geometry amene amaphunzitsidwa kumudzi, kalembedwe kokha ndi kamene kasiyana. Mwanayo azilemba za kuno poti ndi kumene akulembera mayeso.

Funso la Math ERROR ndawasiyira anzanga, ndalemba zambiri kale.

Wa_ku_Dedza

Aphiri afotokoza bwino. Ine nditenge la (3, 1) ndi (3, 8).

Kakyuleta sinawonongeke. m = (8 − 1) ÷ (3 − 3) = 7 ÷ 0, ndipo kugawa ndi ziro sikutheka. Mapointi onse awiri ali ndi x wofanana, kutanthauza kuti mzerewo waima chilili. Pamzere wotere y akhoza kukhala chilichonse koma x sasuntha, ndiye equation yake ndi x = 3, basi. Mulibe y, mulibe m, mulibe c. Fomu ya y = mx + c singakwanitse kulemba mzere woimirira, ndipo ndi mzere wokhawu umene imaulephera. Akafunsidwa gradient alembe kuti undefined. Asalembe ziro, amuchongera cholakwa.

Ziro ndi wa mnzake wogona. Mwachitsanzo (−4; 6) ndi (9; 6): pamwamba 6 − 6 = 0, pansi 13, ndiye m = 0 ndipo equation ndi y = 6. Ana amasokoneza iwiriyi chifukwa amaganiza kuti mzere wotsata x-axis uyenera kuyamba ndi x. Ayi. Funsani kuti ndani sakusintha. Ngati ndi y, lembani y = nambalayo. Ngati ndi x, lembani x = nambalayo. Chizolowezi chabwino ndi kuyang'ana mapointi kaye musanathamangire fomula, poti mafunso awiriwa safuna kuwerengetsa kulikonse.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi Aphiri ndi pa kapezedwe ka c. Njira yawo ndi yolondola, koma ine ndimakonda mwana azolowere iyi:

y − y₁ = m(x − x₁)

Pa funso lija ikhala y − 7 = −2(x − (−2)), ndiye y − 7 = −2x − 4, ndiye y = −2x + 3. Ubwino wake ndi woti mzere woyamba umene walemba ndi equation yathunthu kale, chotsala ndi kungoikonza. Pa njira ya c, ana ena akapeza c = 3 amaima pompo n'kuiwala kulemba equation yomaliza, malikisi n'kupita. Mafomula onse awiri alipo pa information sheet, pepala la mafomula limene amapereka pa mayeso a Matric (omaliza a Grade 12), ndiye asankhe imodzi n'kukhazikika nayo. Msampha wa njira yangayi ndi bulaketi: −2 ayenera kuchulukitsa onse awiri, x ndi 2 yemwe. Ambiri amalemba −2x + 2 kapena −2x + 4.

Pamene zimavuta kwenikweni ndi pamene m watuluka fraction. Tengani (1, 1) ndi (7, 5). m = 4 ÷ 6 = ⅔. Musiyeni choncho. y − 1 = ⅔(x − 1), ndiye y = ⅔x + ⅓. Mwana akasandutsa ⅔ kukhala 0,67 apeza c = 0,33, ndipo poyesa ndi x = 7 apeza 5,02 m'malo mwa 5. Zikuoneka zazing'ono, koma kusiyanako kumakula mukamapita kutali: pa x = 301 yankho lenileni ndi 201, la 0,67 likupereka 202. Akadula mpaka 0,7 ndiye pa x = 7 pomwepo apeza 5,2, n'kuyamba kukayikira njira imene inali yolondola. Pa Casio batani la S⇔D limabweza yankho ku fraction, aligwiritse ntchito.

Funso likafuna yankho mu fomu ya ax + by + c = 0, chulukitsani mbali zonse ndi nambala ya pansi pa fraction. Apa ndi 3: 3y = 2x + 1, ndiye 2x − 3y + 1 = 0. Chulukitsani gawo lililonse, osati lokhalo lili ndi fraction. Yesani ndi (7; 5): 14 − 15 + 1 = 0. Ndipo dziwani kuti c wa mu fomu iyi si c uja wa y-intercept, angofanana chilembo. Pano ndi 1, uja anali ⅓.

Ngati mwana waiwaliratu fomula ya gradient m'chipinda cha mayeso, asataye mtima. Aike mapointi onse awiri mu y = mx + c: 7 = −2m + c komanso −5 = 4m + c. Akachotsera yachiwiri ku yoyamba c afafanizika, patsala 12 = −6m, ndiye m = −2. Fomula ya gradient imachokera pomwepa.

Nambewe_Rosettenville

Zikomo kwambiri Aphiri ndi achimwene a ku Dedza, wayesa ndi B ndipo wavomera. Funso lomwelo lili ndi mbali zina zitatu. Akuti aonetse kuti C(10, −17) ali pamzere umodzi ndi A ndi B, apeze mzere wa parallel wodutsa pa (5, 0), ndiponso perpendicular bisector ya AB. Amayambira pati?

Aphiri_Masamu

Zonse zitatu zikutsamira pa m = −2, n'chifukwa chake kulakwitsa gradient poyamba kumadula. Mwayi wake ndi woti pochonga mapepala a Matric amatsata chimene amati consistent accuracy: ukalakwitsa m koma n'kumugwiritsa ntchito molondola m'mbali zotsatira, malikisi a njira umapeza. Koma wochonga ayenera kuona njirayo papepala. Yankho lokha lopanda masitepe likakhala lolakwa, palibe chotola.

Za C pali njira ziwiri. Yachidule ndi kuika x = 10 mu equation: −2(10) + 3 = −17, chimodzimodzi ndi y wa C, ndiye C ali pamzere. Inayo ndi kuyerekeza ma gradient: wa BC ndi (−17 − (−5)) ÷ (10 − 4) = −12 ÷ 6 = −2, wofanana ndi wa AB. Akasankha yachiwiriyi alembenso kuti B ali pa mizere yonse iwiri, chifukwa ma gradient ofanana paokha amangotiuza kuti mizere ndi ya parallel. Chimene chikuilumikiza kukhala mzere umodzi ndi B. Ndipo funso likati aonetse, asayambe ndi kulemba −17 = −2(10) + 3 ngati kuti ndi zotsimikizika kale. Awerengetse mbali imodzi, kenako anene kuti yafanana ndi inayo.

Nthawi zina amabisa nambala imodzi, monga D(k, 11), n'kufunsa k. Ndi zomwezo: 11 = −2k + 3, ndiye k = −4.

Parallel, mizere yoyenda limodzi osakumana, ndi yosavuta. Gradient ndi yomweyo, c yekha ndi amene asintha. y − 0 = −2(x − 5), ndiye y = −2x + 10.

Perpendicular bisector ndi mzere umene ukudula AB pakati penipeni, pa ngodya ya 90°. Ndiye pakufunika zinthu ziwiri, pointi ya pakatiyo ndi gradient yatsopano. Pointi ya pakati mumaipeza pophatikiza n'kugawa ndi 2: x ndi (−2 + 4) ÷ 2 = 1, y ndi (7 + (−5)) ÷ 2 = 1, ndiye M(1; 1). Onani kuti apa timaphatikiza, pamene pa gradient timachotsera. Ana amasakaniza ziwirizi kawirikawiri. Gradient ya mzere wa perpendicular ndi imene mukaichulukitsa ndi yoyamba ija mupeza −1. Gadabuzani −2 akhale −½, musinthe chizindikiro akhale +½, muyese: −2 × ½ = −1. Muyenera kuchita zonse ziwiri, kugadabuza ndi kusintha chizindikiro. Kenako y − 1 = ½(x − 1), ndiye y = ½x + ½. Pointi yoika apa ndi M, osati A kapena B, chifukwa mzere watsopanowu sudutsa pa A kapena B.

Lamulo la −1 limeneli siligwira ntchito pa mizere ija a ku Dedza anena. Mzere wa x = 3 ulibe gradient yoti muigadabuze. Wa perpendicular wake ndi wogona, y = nambala.

Chaka chamawa ku Grade 11 akumananso ndi mzere womwewu atafunsidwa ngodya imene ukupanga ndi x-axis, pa fomula ya m = tan θ. Pa m = −2 kakyuleta ipereka −63,43°, ndipo ayenera kuwonjezera 180° kuti apeze 116,57°. Gradient ikakhala ya mainasi ngodya yake imaposa 90°. Aonetsetsenso kuti pamwamba pa sikirini pali D wa madigiri.

Mmisiri_CosmoCity

Pepani aphunzitsi, ndilowererepo ndi za kuntchito, mwina mwanayo aona kuti izi sizithera m'kope.

Tiyerekeze kuti mwini bakkie (galimoto ya pikapu) wakuuzani kuti ulendo wa makilomita 12 ndi R410, wa makilomita 30 ndi R860. Manambalawa ndangopeka kuti tiwerengetsere, si mitengo ya munthu. Amenewa ndi mapointi awiri, (12, 410) ndi (30, 860). m = 450 ÷ 18 = 25, kutanthauza R25 pa kilomita. Kenako 410 = 25(12) + c, ndiye c = 110, ndalama yongolizira galimoto isanayende n'komwe. Mtengo = 25x + 110. Munthu wosadziwa amagawa 410 ndi 12 n'kupeza R34 ndi makobiri pa kilomita, kenako 860 ndi 30 n'kupeza R28 ndi makobiri, n'kumati akumubera. Kugawa y ndi x mwachindunji kumagwira ntchito pokhapokha c ali ziro, mzere ukamadutsa pa (0, 0).

Tsopano akuuzeni kuti makilomita 45 ndi R1 310. Equation ikuti 25(45) + 110 = 1 235. Pali R75 imene sili pamzere. Masamu sanalakwe, angokuonetsani pofunsa: kodi pali toll gate panjira, kapena pali wonyamulitsa katundu amene awonjezera? Mapointi awiri alionse amapanga mzere, ngakhale zinthuzo zisakuyenda mowongoka. Pointi yachitatu ndi imene imakuuzani ngati mzerewo ndi woona. Magetsi a prepaid amene mtengo wa yuniti umakwera mukagula ambiri m'mwezi ndi chitsanzo chabwino. Simungatenge malisiti awiri n'kujambula mzere umodzi wa mwezi wonse, chifukwa gawo lililonse la mtengo lili ndi gradient yakeyake.

Pa zomanga, vuto lalikulu si mainasi koma miyezo. Rampu ya njinga ya olumala siyenera kutsetsereka kuposa 1:12. Khomo likakhala mamilimita 450 kuchokera pansi, rampu ifunika 450 × 12 = 5 400 mm, ndiye mamita 5,4, poyeza mogona pansi, osati motsata kutsetsereka kwake. Mapointi ndi (0; 0) ndi (5 400; 450), m = 1/12, y = x ÷ 12. Mukafuna kukhoma chikhomo pa mamita 2 kuchokera poyambira, chingwe chikhale pa 2 000 ÷ 12, pafupifupi mamilimita 167. Koma wina akalemba 450 ÷ 5,4, mamilimita pamwamba mamita pansi, apeza 83,3. Nambalayo si yabodza, ndi mamilimita okwera pa mita iliyonse, koma akaitenga ngati gradient n'kuichulukitsa ndi 2 000 apeza zamisala. Sankhani muyezo umodzi musanayambe.

Ndipo musaiwale kufunsa kuti x ndi chiyani, y ndi chiyani. Chimene mukufuna kudziwa ndi y, chimene mwapatsidwa ndi x. M'buku amakupatsani zokonzakonza, kuntchito mumasankha nokha.

Chemwali_wa_Stats

Amisiri akhudza nkhani yofunika, ndiye ndiipitirize, poti ku Grade 12 mwanayu akumana nayo pa statistics mu Paper 2.

Poyamba chitsanzo cha mzere weniweni chimene angayesere kunyumba. 0 °C ndi 32 °F, 100 °C ndi 212 °F. m = 180 ÷ 100 = 1,8 ndipo c = 32 waonekeratu chifukwa pointi yoyamba ili ndi x = 0. Ndiye F = 1,8C + 32. Uvuni wa 180 °C ndi 356 °F. Pointi imodzi ikakhala ndi x = 0, c mwapatsidwa kale, musavutike kumufuna. Koma ikakhala ndi y = 0, monga (6; 0), ameneyo ndi x-intercept, si c. Musatenge 100 °C uja ngati kutentha kwa ketulo yanu, kuno ku Joni tili pamwamba mamita oposa 1 700 ndipo madzi amawira asanafike 100. Equation yosinthira madigiri sisintha ndi zimenezo.

Manambala oyeza ndi manja sakhala pamzere ndendende. Tinene kuti mukudzaza thanki n'kumayeza madzi ndi rula: poyamba masentimita 3,1, pa mphindi 2 ndi 6,8, pa mphindi 4 ndi 11,2, pa mphindi 6 ndi 14,9. Mapointi awiri oyamba akupereka m = 1,85. Awiri apakati akupereka 2,2. Yoyamba ndi yomaliza zikupereka pafupifupi 1,97. Onsewa awerengetsedwa molondola, koma palibe amene ali yankho. Apa funso lasintha, sitikufunanso mzere wodutsa pa mapointi koma wodutsa pafupi ndi onse, umene amati least squares regression line, ŷ = a + bx. Samalani ndi zilembo: apa gradient ndi b, ndipo a ndi y-intercept.

Pa Casio fx-82ZA PLUS dinani MODE, 2, kenako 2 kachiwiri kusankha A+BX. Lowetsani ma x onse, iliyonse ndi =, mupite ku kolamu ya y muchite chimodzimodzi. Dinani AC, manambala satayika. Kenako SHIFT, 1, 5, musankhe 1 n'kudina = kuti mupeze A, mubwerezenso musankhe 2 kuti mupeze B, ndi 3 kuti mupeze r, nambala yosonyeza mmene mapointi ayandikirira mzerewo (ikayandikira 1 kapena −1 ndiye kuti ali pafupi kwambiri). Pa manambala a thankiyi A = 3,03, B = 1,99, r ndi pafupifupi 0,999. Ndiye ŷ = 3,03 + 1,99x. Mzere umenewu sudutsa pa pointi iliyonse mwa zinayizo, ndiye kuyesa kuja kwa Aphiri sikugwira apa. Choyesera chake ndi china: mzerewu nthawi zonse umadutsa pa avareji ya ma x ndi avareji ya ma y. Apa ndi (3; 9), ndipo 3,03 + 1,99(3) = 9. Ndipo musautambasule kupyola pamene mwayeza. Thanki ikadzaza mzere wathera pompo, ngakhale equation ipitirize kupereka manambala.

Njira yomweyi imagwiranso pa mapointi awiri okha. Lowetsani −2 ndi 4 ku x, 7 ndi −5 ku y, mupeza A = 3, B = −2, r = −1. Mwana akhoza kuyesera yankho lake motere.

Wa_ku_Dedza

Achemwali, za kakyuletazo zili bwino poyesera, koma kwa wa Grade 10 ndikanakonda ayambe wazolowera kuika pointi yachiwiri ndi dzanja. N'zachangu kuposa kudina mabatani onsewo, ndipo malikisi ali pa masitepe olembedwa. Komanso akaiwala kubwerera ku MODE 1 akatha, funso lotsatira kakyuleta imayamba kumupatsa madesimo m'malo mwa ma fraction, iye n'kusokonezeka.

Chemwali_wa_Stats

Pamenepo ndikuvomereza achimwene, MODE kenako 1 akangomaliza. Ndiwonjezere za kompyuta kwa amene ali ndi manambala ambiri, monga a bizinesi. Mu Excel kapena Google Sheets ikani ma x mu kolamu A, ma y mu kolamu B. Gradient ndi =SLOPE(B2:B5;A2:A5), y-intercept ndi =INTERCEPT(B2:B5;A2:A5). Ma y ndi amene amayamba, ma x pambuyo. Mukawasinthanitsa sipabwera uthenga uliwonse wokuchenjezani, mungopeza nambala ina: pa A ndi B aja mupeza −0,5 m'malo mwa −2. Pakati pa magulu awiriwo, kompyuta yotcheredwa pa South Africa imafuna semicolon, ina imafuna koma, ndiye fomula ikakanidwa yambani mwasintha pamenepo. Manambala akakhala kuti akanirira kumanzere kwa kabokosi, ndiye kuti Excel ikuwaona ngati mawu, kawirikawiri chifukwa mwalemba 3.1 pamene iyo ikuyembekeza 3,1, ndipo SLOPE imawadumpha osanena kanthu. Ma x onse akakhala ofanana, monga (3, 1) ndi (3, 8), mupeza #DIV/0!, amene ndi Math ERROR yemwe uja.

Anambewe, mupatseni mwanayo awa ayesere: (−5, −1) ndi (3, 5), kenako (2, −7) ndi (−6, −7). Loyamba lituluke y = ¾x + 11/4, kapena 3x − 4y + 11 = 0. Lachiwiri asagwire kakyuleta.